Nsanja zamiyala za m'madambo a ku Ireland: anazimanga ndani, ndipo anazimanga bwanji?

Funso: Ndikukhala ku Ireland, m'boma la Limerick. Ndikamapita kuntchito pa basi ndimaona nsanja zazitali zamiyala zitaima zokhazokha pakati pa malo odyetsera ng'ombe. Zambiri zilibe denga, mazenera ake ndi ang'onoang'ono, ndipo zina zayangidwa ndi zomera mpaka pamwamba. Eni dziko amangoti ndi castle, koma ine ndinkayesa kuti castle ndi chinyumba chachikulu cha mfumu. Kodi anamanga zimenezi ndani, ankachitiramo chiyani, ndipo anazimanga motani kuti zikhalitse chonchi?

Yankho: Zikomo pofunsa. Zimene mukuonazo akatswiri a mbiri amazitcha tower house, kutanthauza nyumba yomangidwa ngati nsanja. Eni dziko sakulakwitsa pozitcha castle, koma inunso mwaona bwino kuti si nyumba za mafumu akuluakulu. Munkakhala eni minda ndi eni ng'ombe: mafumu ang'onoang'ono a mabanja, abale awo, amalonda olemera, nthawi zina ngakhale akuluakulu a mpingo. Sanazimange kuti zilimbane ndi gulu lalikulu la nkhondo. Anazimanga kuti banja ligone tulo pamene anthu makumi awiri kapena atatu angathe kubwera usiku kudzalanda ziweto, komanso kuti aliyense wodutsa adziwe mwini wa dera. Mukasunga mfundo imeneyi m'mutu, chilichonse cha pa nsanjayo, kuyambira pakhomo mpaka padenga, chimamveka.

Zambiri zinamangidwa pakati pa zaka za 1400 ndi 1650. Zoposa 2,000 zikadalipo lero, zina zathunthu, zina zitangotsala khoma limodzi kapena maziko. Inu muli pachimake penipeni, chifukwa maboma a Limerick, Tipperary, Clare, Cork, Galway ndi Kilkenny ndi amene ali ndi nsanja zochuluka kwambiri. Kumpoto kwa chilumbachi n'zochepa.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Ankhondo a Anglo-Norman anafika ku Ireland mu 1169 kuchokera ku Britain, ndipo iwo ndi amene anamanga malinga akuluakulu amiyala ngati la ku Trim, limene Hugh de Lacy anayamba m'zaka za m'ma 1170. Malinga otero ankafuna chuma cha mfumu kapena cha nduna yaikulu. Koma m'zaka za m'ma 1300 ulamuliro wa mfumu ya England pachilumbachi unafooka. Edward Bruce wa ku Scotland anachita nkhondo kumeneko kuyambira 1315 mpaka 1318 pa nthawi imene kunalinso njala, kenako mliri waukulu unafika mu 1348 n'kupha anthu ambiri, makamaka m'matauni. Mphamvu zinagawika m'manja mwa mabanja ambirimbiri, ena a eni nthaka ngati O'Brien, MacNamara ndi MacCarthy, ena a obwera aja amene anali atayamba kale kukhala ngati eni dziko, monga Butler, FitzGerald ndi Burke. Chuma chenicheni chinali ng'ombe, ndipo kulandana ng'ombe inali njira yodziwika yoonetsera mphamvu kapena yobwezera chipongwe. Banja likakula n'kugawana malo, nthambi iliyonse inkafuna nsanja yakeyake. N'chifukwa chake m'madera ena mukaima pa nsanja ina mumatha kuona inzake.

Pali lamulo limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Mu 1429, mu ulamuliro wa Henry VI, mfumu ya England, anakhazikitsa kuti munthu aliyense womanga nsanja m'maboma a Dublin, Meath, Kildare ndi Louth, dera limene linali m'manja mwa Angelezi, azipatsidwa mapaundi 10. Nsanjayo inayenera kukhala yotalika mafiti 20 m'litali, 16 m'lifupi ndi 40 kapena kuposa kupita m'mwamba, kapena kuti pafupifupi mamita 6, 5 ndi 12. Nsanja ya Donore ku Meath imayandikira kwambiri miyezo imeneyi. Koma musakhulupirire amene amati lamuloli ndi limene linabala nsanja zonse. Linkagwira ntchito m'maboma anayi okha, pamene nsanja zachuluka kumadzulo ndi kumwera kumene ndalamazo sizinkafika. Nsanja ya Kilclief ku Down, imene imadziwika kuti ndi ya bishopu John Sely wa pakati pa 1413 ndi 1441, ikusonyeza kuti kamangidwe kameneka kanali kodziwika kale m'madera ena.

Tsopano kamangidwe. Mmisiri ankayamba ndi kusankha malo olimba, kawirikawiri pathanthwe, pafupi ndi mtsinje, nyanja kapena powolokera. Maziko ambiri si akuya ayi. Mphamvu ya nyumbayo ili m'kunenepa kwa makoma, amene m'munsi amafika mita imodzi ndi theka mpaka mamita awiri kapena kuposerapo. Mukayang'anitsitsa muona kuti khoma silinaime chilili kuchokera pansi. M'munsi mwake ndi motambasuka ngati tsinde la mtengo, ndipo limapita lichepa mpaka pa msinkhu wa mamita awiri kapena atatu. Kutambasukako kumagawa kulemera pa nthaka yaikulu, kumavutitsa wofuna kukumba pansi pa khoma, ndiponso kumapangitsa mwala woponyedwa kuchokera pamwamba kunjanja n'kumenya amene ali pafupi.

Khoma lenilenilo ndi la mbali zitatu. Kunja ndi mkati ankayala miyala yooneka bwino, pakati n'kuthiramo zidutswa za miyala zosakaniza ndi matope a laimu. Miyala yosemedwa bwino ankaisungira m'makona, m'mphepete mwa makomo ndi mazenera, popeza kusema kunali kodula. Laimu ankamupanga pompo: kuwotcha mwala wa laimu mu uvuni pa moto wotentha pafupifupi madigiri 900, kuuthira madzi kuti usungunuke, n'kusakaniza ndi mchenga. Matope amenewa sauma msanga ngati simenti. Amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, kwa miyezi ngakhale zaka. Choncho ntchito inkayenda m'nyengo yofunda yokha, chifukwa chisanu chikaumitsa madzi a m'matope osalimba, khoma limafumbutuka. Nyengo yozizira ikayandikira ankafunditsa pamwamba pa khoma ndi udzu n'kudikira chaka china. Timabowo tating'ono ta makona anayi timene mumaona pa makoma ena ndi mmene ankalowetsa mitengo ya thandala loimapo amisiri. Kumadzulo kuli nsanja zina zimene zinamangidwa m'zigawo ziwiri: poyamba kagawo kopapatiza kokhala ndi khomo, masitepe ndi tizipinda, ndipo mbali ya zipinda zazikulu inkabwera pambuyo ndalama zikapezeka. Mzere wolumikizira zigawo ziwirizo umaoneka pakhoma kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Chinthu chimene ndimalimbikitsa aliyense kuti akachione ndi maso ake ndi denga lamiyala la mkati. Nsanja zambiri zili ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri zofoleredwa ndi miyala yoyalidwa mokhota ngati uta, kuchokera khoma ili kufika khoma linalo. Denga lotere silingaime lokha pamene likumangidwa. Limafuna chogwiriziza pansi pake mpaka mwala womaliza wapakati utalowa. M'malinga akale a m'ma 1200 ankagwiritsa ntchito matabwa. Amisiri a nsanjazi anapeza njira yotsika mtengo. Ankaimika mitengo yochirikiza, pamwamba pake n'kuyalapo mphasa zolukidwa ndi nthambi zofewa za mitengo ya hazel kapena willow, ndendende mmene timalukira nkhokwe. Mphasazo zinkapindika mosavuta kutsata kukhota kumene akufuna. Pamwamba pake ankathira matope a laimu ochindikala, kenako n'kuimika miyala yopyapyala m'matopemo, mwala uliwonse utatsamira unzake. Zikauma ankachotsa mitengo ija, koma mphasa zinkatsalira zitamatirira. Lero mukalowa m'chipinda chotero n'kuwalitsa tochi m'mwamba, muona mizere ya zolukazo itadindika m'laimu, ndipo pena ndi pena timitengo tenitenito tikadalimo patapita zaka 500. Akatswiri amatha kutengako kachidutswa ka nthambi zimenezi n'kukapima kuti adziwe zaka za nyumbayo. Dengali linali ndi ntchito ziwiri zazikulu: kumanga makoma pamodzi, ndi kutchinga moto. Adani akayatsa moto m'chipinda chapansi, sunkatha kudutsa miyala kuti ufike kumene kuli anthu.

Mtundu wotuwa umene mukuona lero si mmene nsanjazi zinkaonekera. Makoma ankamatidwa ndi pulasitala wa laimu kunja konse n'kupakidwa njereza. Ku Ireland mvula imagwa chaka chonse, ndipo pulasitalayo ndiye anali chovala choteteza khoma. Taganizirani nsanja yoyera mbee, ya nsanjika zinayi kapena zisanu, pakati pa nyumba zofolera ndi udzu. Munthu ankaionera patali.

Tiyeni tilowe pakhomo, chifukwa nzeru zambiri zachitetezo anaziunjika pamenepo. Khomo ndi limodzi, lili pansi, ndipo ndi lopapatiza. Musanalowe yang'anani m'mwamba: molunjika khomolo, pafupi ndi denga, pamakhala kabokosi kamiyala kotulukira kunja kopanda pansi, kokhazikika pa miyala yotuluka m'khoma. Munthu ali mmenemo ankagwetsera miyala pamutu pa wogumula chitseko, iye osaonekera. Tina totere timakhala m'makona kuti titeteze mbali ziwiri nthawi imodzi. Chitseko chinali cha matabwa ochindikala a mtengo wa oak, chotsekedwa ndi mpiringidzo wolowa m'bowo lalitali m'khoma. Kunja kwa chitsekocho kunali chitseko china cha zitsulo zopingasa, chimene ankachikoka ndi tcheni kuchokera mkati. Tcheniyo inkadutsa pa kabowo koboola mwala wa m'mphepete mwa khomo, ndipo kabowoko mukhoza kukapeza ngakhale zitsulo zinapita kalekale. Ntchito ya zitsulozo inali yoletsa adani kufika pa matabwa ndi nkhwangwa kapena chigogo chogumulira.

Wodutsa zitseko ziwirizi sanali atalowabe m'nyumba. Ankapezeka m'kachipinda kothina, kutsogolo kuli chitseko china, kumbali kuli chitseko cha masitepe, mbali inayo kachipinda ka mlonda. Pamwamba pa mutu wake pali bowo, limene Angelezi amalitcha murder hole, loponyerapo miyala kapena kulasirapo kuchokera m'chipinda cham'mwamba. Nkhani ya mafuta owira imene otsogolera alendo amakonda kunena musaitengere; mafuta anali odula, pamene miyala inali paliponse.

Masitepe ndi ozungulira, omangidwa mkati mwa kona imodzi, ndipo ndi opapatiza moti anthu amakwera mmodzimmodzi. Ambiri amakhotera kudzanja lamanja pokwera, ndipo anthu amati cholinga chinali choti wokwera asathe kugwiritsa bwino lupanga la m'dzanja lamanja. Ine sindiika mtima kwambiri pa mfundo imeneyo, popeza alipo ena okhotera kumanzere. Kupapatiza kwakeko n'kokwanira: gulu la anthu makumi atatu limasanduka munthu mmodzi pa sitepe iliyonse.

Chipinda chapansi chinali mosungira katundu, chamdima, chokhala ndi timing'alu tolowetsa mpweya. Mukamakwera mazenera amanka nakula, chifukwa kumwamba makwerero a mdani safikako. M'zipinda zam'mwamba mumapeza mazenera a maso awiri, osemedwa mokongola ndi nsonga yopindika pamwamba, ndi mipando yamiyala m'mbali mwake. Magalasi anali osowa. Ambiri ankatseka ndi tizitseko tamatabwa. Pansi pa zipinda zopanda denga lamiyala panali mitanda ya oak yogona pa miyala yotuluka m'khoma, ndipo miyala imeneyo ndi imene imakuuzani pamene panali nsanjika iliyonse ngakhale matabwa anawola. Zimbudzi zinali mkati mwa khoma: kachipinda kokhala ndi mpando wa bowo, ndi ngalande yotsika m'khomamo kukatulukira pansi kunja. Nsanja ya Clara ku Kilkenny, ya banja la Shortall, ikadali ndi mitanda yake yoyambirira, ndiponso ili ndi kachipinda kobisika kamene polowera pake anapakonza kuti pazioneka ngati mpando wa chimbudzi. Kuyambira m'ma 1500 mfuti zitafala, anayamba kuboola timabowo tozungulira m'mbali mwa makomo, pansi pa mazenera ndi m'makona.

Chipinda cholemekezeka, makamaka m'nsanja za kumadzulo, chinali chapamwamba penipeni. Mmenemo ndi mmene mwini nyumba ankadyera ndi alendo ake. Popeza pansi pake panali denga lamiyala lija, ankatha kusonkha moto pakati pa chipinda, utsi n'kumatulukira kudenga. Luke Gernon, woweruza wachingelezi amene anagwira ntchito m'chigawo cha Munster, analemba mu 1620 za masitepe opapatiza, za chipinda chodyera chokhala pamwamba, za moto wa pakati, ndi za mwambo wopatsa mlendo zakumwa zonse za m'nyumbamo atangofika. Malo osonkhapo moto a m'khoma okhala ndi chumuni anafala pambuyo pake, ndipo m'nsanja zambiri mumaona kuti anachita kuwaphatikiza, nthawi zina mpaka kutseka zenera lakale.

Denga lakunja linali la mitengo ya oak, lofoleredwa ndi miyala yopyapyala, timatabwa kapena udzu. Linkakhala mkati mwa makoma, ndipo kuzungulira dengalo kunali kanjira koyendamo alonda, kotetezedwa ndi kampanda ka mano okwera ngati masitepe, kamene ndi chizindikiro cha kamangidwe ka ku Ireland. Kanjirako kanalinso ngalande: miyala yake anaiyala mopendeka kuti madzi a padenga atulukire m'timabowo ta m'munsi mwa kampandako. Nsanja ya Dunsoghly kufupi ndi Dublin, ya banja la Plunkett ya m'ma 1400, ikadali ndi mitengo ya denga lake loyambirira, ndipo pokonzanso denga la nsanja ya Bunratty ku Clare m'zaka za m'ma 1950 anatengera pamenepo.

Mwanena kuti nsanjazi zaima zokhazokha. Kale sizinali choncho. Zambiri zinali mkati mwa bwalo lozingidwa ndi mpanda, lotchedwa bawn, dzina lochokera ku mawu a chilankhulo cha eni dziko onena za khola la ng'ombe. Mipanda ina inali yamiyala, ina ya dothi ndi mitengo. M'bwalomo munali khitchini, nkhokwe, makola, nyumba za antchito, ndipo kawirikawiri nyumba yaitali yochitiramo maphwando. Zonsezi zinali za mitengo, dothi ndi udzu, n'chifukwa chake zinatha n'kusiya nsanja yokha. Kuti muone chithunzi chathunthu pitani ku Aughnanure pafupi ndi Oughterard m'boma la Galway, kwawo kwa banja la O'Flaherty. Nsanja yake ya nsanjika zisanu ndi imodzi, ya cha m'ma 1500, ili mkati mwa mipanda iwiri, ndipo khoma limodzi la nyumba ya maphwando likadali chilili ndi mazenera ake osemedwa. M'matauninso amalonda ankamanga nsanja zotere m'mbali mwa msewu, monga ku Carlingford, Ardglass, Dalkey ndi Kilmallock kwanu komweko. Ndipo si zonse za makona anayi: Newtown ku Clare ndi Ballynahow ku Tipperary ndi zozungulira.

Chimene chinathetsa nsanjazi ndi mizinga pamodzi ndi kusintha kwa eni malo. Mu 1580, pa nkhondo ya banja la FitzGerald la ku Desmond, asilikali achingelezi a Sir William Pelham anazinga Carrigafoyle m'boma la Kerry, m'mphepete mwa mtsinje wa Shannon. Inali nsanja yolimba ya banja la O'Connor, yozingidwa ndi madzi. Anatsitsa mizinga m'zombo, ndipo m'masiku awiri khoma la mbali imodzi linagwa. Chibowo chachikulucho chikuonekabe lero, ndipo chimaonetsa mkati mwa nsanjayo ngati dzungu lodulidwa pakati. Nkhondo ya Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali a ku England, imene inayamba mu 1649, inagumula zina zambiri, ndipo malo a mabanja ochuluka analandidwa n'kupatsidwa kwa ena. Ngakhale popanda nkhondo, anthu olemera anali atayamba kufuna kuwala ndi zipinda zotakasuka. Ku Leamaneh m'boma la Clare mumaona nyengo ziwirizi zitagundana: nsanja ya cha m'ma 1480 ya timazenera tating'ono, ndipo pambali pake nyumba ya mazenera akuluakulu imene Conor O'Brien ndi mkazi wake Máire Rua anaphatikizapo mu 1648.

Mwafunsa chifukwa chake zakhalitsa. Makoma ochindikala a laimu amalola kusuntha pang'ono popanda kusweka, ndipo amayamwa chinyezi n'kuchitulutsanso. Koma zikugwa ndithu, ndipo mdani wamkulu ndi madzi. Denga likachoka, mvula imalowa pamwamba pa khoma n'kutsuka laimu wa pakati, mpaka miyala ya kunja ndi ya mkati imalekana. M'nyengo yozizira madzi a m'ming'alu amaundana n'kukankha miyala. Chomera choyanga chija, ivy, chimalowetsa mizu m'malo olumikizira miyala n'kumanenepa momwemo. Kuchizula mwamphamvu n'koopsa, chifukwa nthawi zina ndi chomwecho chimene chagwirizira khoma. Amisiri odziwa amayamba achidulira, n'kupima khoma, kenako n'kumachotsa mizu pang'onopang'ono akutseka malo ake ndi laimu. Anthu a m'midzi nawonso kwa zaka zambiri ankagwetsa miyala yosemedwa ya m'makona ndi m'makomo kukamangira makola, ndipo kona ikachoka m'munsi khoma lonse limang'ambika. Cholakwa china chinachitika ndi anthu ofuna kuthandiza: kumata ming'alu ndi simenti. Simenti ndi youma gwa ndipo simapuma, choncho madzi olowa pamwamba amatsekeredwa mkati, khoma limakhala lonyowa chaka chonse, ndipo mwala wofewa umayamba kutekedzeka m'mphepete. Kukonza koyenera ndi kuchotsa simentiyo, kubwezeretsa matope a laimu, ndi kutseka pamwamba pa khoma kuti madzi azitsetsereka.

Nsanja zambiri zimene mumaona pa basi zili m'minda ya anthu, choncho pemphani kaye kwa mwini munda musanalowe, ndipo samalani ndi nkhunzi za ng'ombe. Malamulo a dzikolo amateteza zomangidwa zakalezi, moti ngakhale mwini malo sangagumule kapena kukonza popanda kudziwitsa boma, ndipo kutengako mwala n'kulakwa. Musakwere masitepe a nsanja yopanda woisamalira. Sitepe imatha kuthera m'malere pamalo amdima. Zotsegulidwa kwa alendo zilipo: Aughnanure ndi Ross Castle ya ku Killarney zili m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa Office of Public Works, ndipo Bunratty, ya cha m'ma 1425, ili pafupi ndi mzinda wa Limerick panjira yopita ku tauni ya Shannon, ngakhale kuti iyo ndi yaikulu kuposa nsanja wamba. Mukapita tengani tochi. Pakhomo fufuzani kabowo ka tcheni ndi bowo la mpiringidzo, mukalowa kwezani maso muone bowo la pamutu, ndipo m'chipinda cha denga lokhota walitsani m'mwamba mufunefune mizere ya mphasa.